Tepi ya m'chigafa

Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji uko muliko? Ife kuno tadzuka, kudzuka kwake komwe kuja mukukudziwa, thupi kutsogola, mtima n'kumabwera pambuyo. Ndine Yohane. Ndadzitchula dala, chifukwa munkati ine ndi mchimwene wanga Limbikani timalemba mofanana, ngati pamene papalasa nkhuku, ndipo sindikufuna kuti mawu a m'kalata ino akamugwere iye.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino, poti ndi yaifupi. Mpongozi wanu Felisita anachira m'dzinja lapitali, mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, Rozina. Akuyamwa bwino, akulira bwino, ndipo akakwiya amangokwinya pamphumi osatsegula pakamwa, monga munkachitira inu munthu akabwereka sefa n'kuibweza yonyowa. Atsibweni a Gomani akabwera samunyamula msanga. Amayamba avula chipewa n'kunena kuti, "Alongo, mwaswera bwanji?" Mwanayo amangowayang'ana duu, iwo n'kumati, "Ndi omwewo, sanasinthe."

Chimanga chaka chino tapeza chodya, osati chonyadira. Ng'amba inachipeza chikumasula, ndipo cha kumchenga kuja chinapserera. Makuponi anabwera monga mwa masiku onse, mochedwa ndiponso operewera, kuponi imodzi mabanja awiri. Chaka chatha dzina lanu linatuluka pakati pa olandira. Sitikudziwa amene anakulandirirani. Ngati munabwera nokha kudzatenga fetelezayo, amayi, ndiye kuti munadutsa pakhomo osatipatsa moni. Chaka chino anakufufutani, ndiye tinganene kuti nawo akuluakulu uthenga wa maliro anu wawafika.

Za fodya musafunse. Achemwali a Esinati akulimabe munda wanu wa kumtunda uja. Mabelo awo ena anabwezedwa ku okushoni, ena anagulidwa pa mtengo woti ukautchula pagulu anthu amakupepesa. Chaka chilichonse amalumbira kuti n'komaliza, ndipo chaka chilichonse kukayamba kutentha mumawapeza kudimba ndi kheni, akuthirira nazale. Munkati fodya ali ngati mwamuna woledzera, umamulongedzera katundu madzulo, m'mawa n'kumuphikira phala. Mwana wawo Tadala ali ku sekondale ku Nkhamenya, ndipo akabwera ku holide amatikonza Chingerezi tonse. Limbikani akadali ku Joni. Amaimba foni, amafunsa za mvula, amati abwera.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Tinakhala pansi kumudzi kukambirana za chiliza chanu. Simenti ilipo, Limbikani anatumiza, ndipo timanga mwezi wa mawa. Pamsonkhanopo atsibweni anati, "Nanga si mwana uyu amajambula maukwati a eni pa boma? Tepi ya mayi ake ali nayo. Tidzabwereke jenereta, TV ndidzabweretsa yanga, anthu adzaone alongo anga akuyenda, akulankhula." Onse anavomera kupatula achemwali. Iwo anati, "Tepi imene ija isaonetsedwe. Ngati mukufuna, ikwirireni pansi pa simentiyo." Atsibweni atafunsa chifukwa, anati, "Ine amayi achikasu ndinawaona mokwanira kuchipatala. Sindikufuna kudzawaonanso pa TV anthu akutafuna nyama." Atatero ananyamuka n'kupita kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

Palibe amene anawatsutsa. Ndi iwo amene ankagona pansi pa bedi lanu, kukutembenuzani, kukusambitsani chiwindi chija chitakusandutsani mtundu. Ife amuna tinkabwera ndi nthochi nthawi yoonera odwala, belu likalira n'kutuluka. Ndiye ndinawatsatira kuseri n'kuwauza kuti, "Achemwali, chikasu cha mu tepi muja si cha amayi, n'cha kamera. Nthawi imeneyo anali asanadwale. Ndichichotsa. Mukadzaona n'kukanabe, ndidzakupatsani tepiyo m'manja, ndipo za mu kompyuta ndidzafufuta inu mukuona." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wanena wekha."

Ndinanenadi ndekha, ndipo m'minibasi pobwerera ndi mmene ndinayamba kumva kulemera kwake. Chithunzi chanu cha papepala tili nacho chimodzi, chija cha pa chiphaso chovotera, chimene mukuoneka ngati mwagwidwa ndi nkhuku ya eni. Koma pamene mukuyenda, pamene mawu anu akumveka, ndi mu tepi imeneyi basi. Ikapita, mwana amene tamupatsa dzina lanuyu adzakudziwirani pakamwa pa ife, ndipo ife mukutidziwa mmene timawonjezera.

Kaya mukulikumbukira tsikulo? Kamera ndinali nditangoigula kwa mkulu wina wochokera ku Joni, yogwirapo kale ntchito, ndipo ndinabwera nayo kumudzi kudzadzionetsera. Unali mwezi wothyola fodya, chigafa chitadzaza. Linali Lachinayi, inu mutavala zopitira ku msonkhano wa amayi a mpingo, bulawuzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda. Munali mutanyamuka kale, koma podutsa pa chigafa munaona kuti fodya tamupachika mothithikana pa mikangala, ndiye munalowa. Achemwali anali atakhala pansi kumbuyo kwanu akusoka masamba. Mutandiona munati, "Iwe, chotsa chinthu chakocho, ukundiloza ngati mfuti." Kenako munasintha maganizo. Munati, "Kapena ayi. Ngati chimajambula zoona, jambula apa, dziko lione mmene ana anga amaoletsera fodya." Tepi yonse ndi yomweyo, inu kutikalipira, nthawi yake yongokwanira kumwa kapu ya tiyi wotentha.

Mundilole ndikufotokozereni chimene chinalakwika, poti munapita musanamvetse kuti ntchito yanga ndi yotani. Munkauza anthu kuti ndimaonera mafilimu tsiku lonse. Diso la munthu, amayi, ndi lochenjera. Nsalu yoyera mukaiona padzuwa mumati ndi yoyera, mukaiona pa nyali ya parafini mumatinso ndi yoyera, ngakhale kuti kuwala kwa nyali n'kofiirira. Diso limadzikonzera lokha osakuuzani. Kamera ilibe nzeru zimenezo. Imafuna kuti usanajambule uiloze pa chinthu choyera, pamalo pomwepo, n'kuiuza kuti choyera cha pano ndi ichi. Ikadziwa zimenezo mitundu ina yonse imakhala m'malo mwake. Ukapanda kuiuza imangotenga mtundu wa kuwala kumene kulipo n'kupaka aliyense. Ine tsiku limenelo zimenezi ndinali ndisanazidziwe. Dzuwa linkalowa m'chigafa kudzera m'masamba amene anali atayamba kupsa, ndipo kamera inatenga mtundu wa masambawo n'kukuthirani. Nkhope yachikasu, bulawuzi yachikasu, achemwali achikasu, ngakhale nkhuku imene inadutsa. Titaionera koyamba inu muli moyo tinaseka, munati tikuoneka ngati tagwera mu ndiwo za kale. Titaioneranso maliro atatha palibe anaseka, ndipo ndinaitsekera m'kabati.

Kuyambira nthawi imeneyo, kuchotsa mitundu yolakwika ndiyo yakhala theka la ntchito yanga, ndipo yanditopetsa. Ndimakhala m'kachipinda kuseri kwa malo ometera, pafupi ndi msika, ine ndi kompyuta, nsalu yakuda pawindo. Ukwati wa mu holo ya magetsi a machubu, anthu onse amatuluka obiriwira ngati adya therere losapsa. Chinkhoswe cha pansi pa tenti ya buluu, onse amaoneka ngati akufa ndi chisanu mwezi wa Okutobala. Choipitsitsa ndi tchalitchi, pamene mkwati waima pafupi ndi windo, mkwatibwi pansi pa babu, ndiye ukakonza mmodzi winayo amawonongeka, ngati ukhoswe weniweni. Mu kompyutamo muli kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Umakagunditsa pa chinthu chimene ukudziwa kuti chinali choyera, kompyuta n'kusintha chithunzi chonse motsatira pamenepo. Zotsalazo umakoka timizere tiwiri, kena kochoka ku buluu kupita ku chikasu, kena kochoka ku zobiriwira kupita ku zofiirira, pang'onopang'ono, mpaka khungu la munthu lioneke ngati la munthu. Ukayang'anitsitsa nthawi yaitali diso nalo limazolowera bodza, cholakwika n'kuyamba kuoneka bwino, ndiye umatuluka panja kukayang'ana khoma kenako n'kubwereranso. Magetsi akazima usanasunge, umayambiranso.

Ndipo anthu safuna mtundu wawo weniweni. Mkwatibwi wina anati, "Achimwene, mundiyeretseko pang'ono, achibale a amunanga ali ku Mzuzu sanandionepo." Ndinamufunsa kuti nanga tsiku limene adzamuone adzati chiyani. Anati, "Ndidzati ndi dzuwa la ku Kasungu." Ndinamuyeretsa. Ndayeretsa ambiri, ndadetsa tsitsi la imvi, ndafufuta ndi mkazi wina amene anakhala pafupi kwambiri ndi mkwati. Munkati wometa sasankha mutu. Koma ndinadziuza kuti nkhope yanu yokha sindidzaiwonjezera kapena kuichotsera kanthu. Ndingochotsa za kamera, zanu ndisiye.

Ndinkaganiza kuti ikhala ntchito ya m'mawa umodzi, poti munali mutavala zoyera. Ndinagunditsa kachida kaja pa bulawuzi. Chikasu chinachepa ndithu, koma sichinathe, ndipo nkhope yanu inasanduka ngati njerwa yowotcha. Ndinayesa pa duku, chimodzimodzi. Ndinayesa paphewa, pakolala, pamkono, mpaka ndinayamba kukayikira kompyuta. Ndinazindikira tsiku lina ndikudutsa pa golosale, nditaona timabokosi ta buluu wochapira pa shelefu. Ndi kangati munandituma buluu Lachitatu madzulo? Munkati yunifomu yopanda buluu ndi ya mayi waulesi, ndipo yanu munkaiviika mpaka amayi anzanu ankakunenani kuti mukufuna kuposa mitambo. Bulawuzi yanu sinali yoyera, amayi. Inali yonamizira kuyera, ndipo diso linkavomera. Ine ndinkauza kompyuta kuti buluu ndiye woyera, iyo n'kumamvera, n'kumasiya chikasu kuti chilipirire. Ndikanakhala nayo bulawuziyo ndikanaiyika pafupi n'kuyerekeza, koma mukudziwa kumene ili. Amayi a mpingo anakuvekani yomweyo m'bokosi.

Ndinayamba kufunafuna china choyera mu tepimo, chithunzi chimodzichimodzi. Panja, kumbuyo kwanu, panali ufa woyanika pa mphasa. Ndinasangalala, poti ufa wanu sunkafuna buluu. Koma nditagunditsa pamenepo palibe chinasintha kwenikweni. Ufawo unali padzuwa, inu munali pansi pa masamba. Choyera chimayenera kukhala pa kuwala komweko kumene kuli nkhope, apo ayi chimanena zoona za kwina. Ndinasiya kaye kwa masiku angapo, ndinali ndi maukwati a anthu odikira. Felisita ankandifunsa kuti, "Nanga za amayi zili pati?" ndipo ndinkati zikuyenda.

Chimene chinandipulumutsa ndi thumba. Pa nsanamira ya chigafa, chakuphewa kwanu, panali popachika thumba la feteleza wa makuponi, lija munalichapa n'kulitembenuza kuti muzisungiramo ulusi wosokera fodya. Limaoneka kamphindi kochepa, pamene mukukweza dzanja kuloza mikangala. Ndinaimitsa pamenepo n'kugunditsa. Amayi, zinali ngati munthu watsegula chitseko. Nsanamira zinabwerera kukhala mitengo, masamba okha n'kutsala ndi chikasu chawo choyenera, bulawuzi inatuluka ndi kabuluu kake kaja. Ndinakoka timizere pang'ono, kutuluka panja, kubwereranso, kukokanso pang'ono. Kenako munali inu. Khungu lanu lija, lakuda mosalala, lowala pamasaya pamene munkadzola mafuta. Ndinakhala ndikukuyang'anani nthawi yaitali. Wometa uja anasuzumira kufuna kubwereka machesi, ataona nkhope yanga anabwezera nsalu ya pakhomo n'kubwerera. Ndinali nditaiwala mtundu wanu. Nanenso, osadziwa, umene ndinkaukumbukira unali wa kuchipatala uja.

Ndikanaimira pamenepo bwenzi kalata ino ili yaifupi. Koma munthu amene wangogula kamera amakonda kukokera zinthu pafupi, ndipo chakumapeto kwa tepi ndinakukokerani mpaka nkhope yanu inadzaza galasi lonse. Ndi pamene mukunena kuti, "Wamva, Yohane? Kapena makutu nawo wawatsekera m'makinamo?" Mano anu ndi oyera. Duku lili ndi kabuluu kake. Koma maso, amayi, pamene pamayenera kuyera, ndi achikasu. Osati kwambiri, ngati mkaka umene wagweramo kadontho ka tiyi. Ndinati mwina ndasiya chikasu china, ndinakoka kamzere kupita ku buluu mpaka inu nonse munachita ngati muli pansi pa madzi, koma masowo anakana. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, pamene achemwali akuoneka kuseri kwa phewa lanu atadzutsa mutu. Kuwala n'komweko, kamera ndi yomweyo. Awo ndi oyera mbee.

Kuchipatala tinakutengerani fodya atagulitsidwa, mphepo ya chisanu itatha. Adokotala atafunsa kuti zinayamba liti, tonse tinati posachedwapa. Tepi iyi ndi ya mwezi wothyola. Munkakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha zaka zonsezi, ndipo ndawaona nthawi itatha.

Ndinakhala ndi nkhaniyi osauza munthu, kupatula Felisita. Iye anati, "Bambo a Rozina, akwatibwi mumawayeretsa thupi lonse, ndiye mulephere timaso tiwiri? Yeretsani, alamu aone mayi awo, chiliza chidutse mwamtendere. Adziwa ndani?" Sankanama. N'zotheka. Umajambula kabwalo kakang'ono pa diso lililonse, n'kumakasuntha chithunzi ndi chithunzi pamene mutu ukugwedezeka, n'kuchotsamo mtundu. Ndi ntchito yowawitsa msana koma ndi yotheka. Ndinayamba. Nditachita pang'ono ndinaonera, ndipo munali ndi maso oyera bwino, ngati a chidole cha m'sitolo ya zovala. Ndinafufuta zimene ndinachitazo. Mawa lake ndinayambanso, poganiza kuti ndikawasiya choncho achemwali akana ndipo tepi ipita pansi pa simenti. Magetsi anazima ndisanasunge, ndipo kunena zoona sindinawatukwane a magetsi tsiku limenelo.

Achemwali sanandidikire kuti ndiganize. Anabwera pa boma Lachisanu lapitali kudzagula penti wa chiliza, ndipo ndinangoona nsalu ya pakhomo ikukankhidwa. Anakhala pa benchi ya makasitomala, chitini cha penti pamiyendo, n'kunena kuti, "Tiye, onetsa. Matola sadikira." Ndinati sindinamalize. Anati, "Ukwati wa eni umamaliza, za mayi ako ayi? Onetsa pamene wafikapo."

Ndinayatsa. Mutangolowa m'chigafa muja, iwo anaika chitini pansi. Mutafika pa mawu a mfuti aja anaseka, kuseka kotulukira m'mphuno, n'kunena kuti, "Mayi uyu ndi mkamwa." Anasendera kutsogolo. Anati, "Taona mmene ankamangira duku, palibe amene amatha." Ine mtima unali pa mapeto. Titayandikira pamene nkhope yanu ikudzaza galasi, ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse, ndinati kotsalako n'kongogwedera. Anandimenya padzanja ngati ndikuba nyama mu mphika. "Siya."

Anaonera mpaka tepi inatha. Kenako anati, "Bwezera pamasopo. Imitsa." Ndinaimitsa. Makina ometera ankalira kuseri kwa khoma.

Ndinati, "Achemwali, ndingathe kuwayeretsa. Ndinayamba kale."

Anati, "Ine ukundiyesa mkwatibwi?"

Ndinati ndinangozindikira posachedwa, kuti palibe amene akanaona, poti m'chigafa muja chilichonse chinali chachikasu.

Anati, "Bwezera m'mbuyo, pamene ndikuoneka ine." Ndinabweza. "Tandiyang'ana bwino. Ukuona ngati ndikuyang'ana mikangala pamenepo?"

Ndinayang'ana. Tepiyi ndaionera kosawerengeka, amayi, koma nthawi zonse ndinkayang'ana inu. Achemwali ali ndi tsamba m'dzanja limodzi, singano m'dzanja lina, sakusoka, sakuseka pamene tonse tikuseka. Akukuyang'anani kumaso.

Anandiuza zonse, mawu awo osakwera osatsika. Anati anaona kale tsikuli lisanafike, ku mjigo, dzuwa likukuwombani kumaso. Atakufunsani, munati, "Ndaona, ndili ndi kalilole." Atati tipite kuchipatala, munati, "Ukauza anyamatawa andinyamula, akandigoneka, iwe udzandidikirira, nanga fodya atsala ndi yani? Aolera m'chigafa. Tisoke, tidinde, tigulitse, kenako tipita. Ukatsegula pakamwa, ine si mayi ako." Ndiye anatseka. Anati, "Tsiku lija unationetsa tonse tili achikasu, inu munkaseka, ine ndinaona ngati makina ako andigwira. Maliro atatha ndiye zinanyanya. Ndinkati aliyense akaonera adzatembenuka n'kundiyang'ana ine."

Ndinawauza zimene adokotala ananena, kuti matenda amenewo nthawi zambiri ngakhale ufulumire sabwerera. Anati, "Nthawi zambiri." Ndinati inde, nthawi zambiri. Anatola chitini chawo.

Ndinafunsa kuti nanga tepi titani, poti ndinalonjeza. Anaima pakhomo, nsalu ili m'dzanja, akuyang'ana pa galasi pamene nkhope yanu inali itaimabe. Anati, "Awa ndi amayi. Aja oyamba sanali iwo. Udzaonetse. Maso usawakhudze, wofuna kuona aone. Akandifunsa ndidzayankha, ndatopa."

Amayi, wakufa sakalipiridwa, ndipo inu ngakhale muli moyo palibe amene ankayerekeza. Ndingokuuzani monga nkhani. Fodya amene munamudikira uja anagulidwa monga mmene amagulidwira fodya yense, ndipo zimene tinapeza zinathera m'misewu ya kuchipatala. Amene anamusuta sakudziwani. Mwana wanu wamkazi wanyamula mawu anu aja yekha nthawi yonseyi, pamaliro, pakusesa, pa misonkhano ya banja, akutiphikira ife amene tinkati zinayamba posachedwapa. Munkati wodwala nthawi ya fodya ayambe wapempha chilolezo kwa mvula, ife n'kumaseka. Sindinkadziwa kuti mukunena lamulo.

Sindikudziwa ngati ndakwiya. Ndikuganiza kuti ndangotopa. Ndikudziwanso kuti mukanatiuza, mwina ineyo ndikanati tidikire mabelo apite, poti ndi mmene tonse tinaleredwera kuno, thupi limadikira, tsamba silidikira. Chigafa chomwecho n'chimene chinandipititsa ku sekondale. Sindingaime patali n'kumaloza chala.

Ndinawaperekeza achemwali kokwerera matola. Dzuwa linali pamutu, fumbi lili koboo. Asanakwere ndinati, "Taimani, tandiyang'anani." Ndinawagwira pachibwano n'kuwatembenuzira kudzuwa, n'kukokera chikope pansi ndi chala. Anati, "Wapenga? Anthu ationa, aziti ndapeza bambo wina." Ndinati ayang'ane kumwamba. Anayang'ana. Ndi oyera, amayi, ofiira pang'ono m'mbali chifukwa cha utsi ndi kusagona, koma oyera. Atatero anaika chitini pansi n'kunena kuti, "Bwera nawenso." Anandikoka chikope mopweteka dala. Anati, "Ako ndi a munthu woonera mafilimu tsiku lonse." Kondakitala anatifunsa ngati tikukwera kapena tikuchotsana zitsotso.

Ndiye pa chiliza mudzaoneka. TV ya atsibweni ndaiona, mitundu yake anaipotokola mpaka owerenga nkhani amaoneka ngati apsa ndi moto, ndipo amati ndi mmene imakomera. Ndidzapita m'mawa kukaikonza iwo ali kumanda. Ndidzakhala pafupi ndi achemwali pamene anthu akuonera, kuti wotembenuka adzapeze tili awiri.

Ndikulonjezani chimodzi, ndipo sindikupemphani chilolezo. Aliyense wa pakhomo panu, kuyambira atsibweni mpaka wakhanda uyu, ndizimuyang'ana kumaso panja, padzuwa, osati m'chigafa. Ndikaona chimene sindikuchimvetsa ndidzamunyamula tsiku lomwelo, kaya fodya ali pa mikangala, kaya ali pa jeke akudindidwa. Aole.

Mupereke moni kwa abambo ngati mumaonana. Tsalani bwino, amayi. Ndimakukondani, ngakhale mwanditopetsa.

Ine mwana wanu,
Yohane